Kubwerera pa njira ya ku Sapitwa si kuchepa chikhulupiriro

Mvula ikatha, utsi wa lupsa usanayambe kuphimba thambo, phiri la Mulanje limaoneka bwino kotero kuti munthu ali pa Luchenza amayesa angalikhudze ndi dzanja. Imeneyi ndiyo nyengo imene magulu a achinyamata a m'mipingo, makwaya ndi mabungwe a ophunzira achikhristu amasonkherana ndalama ya minibasi, kumanga ufa ndi nyemba m'matumba, ulendo wa ku Likhubula. Ena amathera pa Dziwe la Nkhalamba, ena amakagona ku Chambe kapena ku Lichenya, koma alipo amene mtima wawo umakhala pa Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'dziko muno. Maulendo oterewa ife sitidana nawo. Mwana amene waona mitambo ili kunsi kwa mapazi ake amabwerera kunyumba ali ndi chokamba moyo wake wonse, ndipo mpingo umene umatengera ana ake kumeneko ukuchita bwino.

Chimene tikufuna kukambirana nanu lero, abale ndi alongo, ndi mawu amene amamveka m'mawa wa tsiku lokwera nsongayo, gulu litadzuka n'kupeza kuti phiri lafunda nkhungu. Wotsogolera njira, uja timangomutchula kuti gaidi, amayang'ana kumwamba n'kupukusa mutu. Pamenepo pamapezeka wina, kawirikawiri wachangu pa zinthu za Mulungu ndiponso wokondedwa ndi gulu, amene amati: tachokera kutali, tapemphera, Amene timam'tumikira ndi wamkulu kuposa nyengo, tiyeni. Mawuwa amamveka okoma, ndipo amene mtima ukumuuza zobwerera amachita manyazi kutsutsa, kuopa kuoneka wofooka mu uzimu. Ife tikuti mawu amenewa si a chikhulupiriro, ndipo mtsogoleri amene angawalole kupambana akuika ana a eni ake pa ngozi imene Mulungu sanam'tume.

Tiyambe taidziwa njirayo, pakuti ambiri amene amavomereza maulendowa pa bwalo la akulu a mpingo sanaipondepo. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002. Okwera ambiri amagona pa nyumba ya alendo ya Chisepo, imene ili m'tsinde mwa nsongayo, atayenda kale tsiku lathunthu kapena masiku awiri kuchokera kumunsi. Kuchoka pa Chisepo, chimene tingachitche njira chimatha msanga. Kutsogolo kuli matanthwe osalala ndi opendekeka amene munthu amakwera chokwawa, manja ndi miyendo zonse zili pa ntchito. Kuli zimiyala zazikulu ngati nyumba, zosanjikizana, zimene pena umazidumpha, pena umalowa kunsi kwake chafufumimba, chikwama utachikankhira kutsogolo. Pakati pa miyalayo pali mipata yakuya yobisika ndi zitsamba. Chokulozera kopita ndi timadontho ndi timivi ta penti yofiira tojambulidwa pa miyala, apa kamodzi, uko kena. Tsiku louma, munthu wamphamvu amatha maola atatu kapena anayi kukwera ndi ena otero kutsika. Ndiye kuti ngakhale kunja kutacha bwino, ulendowo umadya tsiku lonse, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye mdima umayamba kugwa cha m'ma 5:30 madzulo.

Tsono onjezanipo chiperoni. A ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre safuna kuuzidwa za icho. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepoyo imadzera. Mpweya wachinyontho wochokera ku nyanja yamchere ya India umakankhidwa ndi mphepo ya kummwera chakummawa. Ukagunda phiri la Mulanje umakakamizika kukwera, ukakwera umazizira, ukazizira umasanduka nkhungu ndi kamvula kowaza kosalekeza. Kumudzi chiperoni chimangotivutitsa ndi zovala zosauma pa chingwe ndi nkhuni zokana kuyaka. Kumtunda ndi nkhani ina. Chikhoza kufika mkati mwa ola limodzi thambo linali mbee, ndipo chikhoza kukhala masiku awiri, atatu, ngakhale kuposerapo.

Chikafika, ndere za pa matanthwe zimamwa madzi, ndipo mwala umene m'mawa umagwira nsapato umaterera ngati wathiridwa therere. Kukwera mwala wonyowa n'kothekako. Kutsika ndiye kovuta, chifukwa munthu saona poponda ndipo kulemera kwa thupi kumam'kokera kuphompho. Timadontho tofiira tija timasowa, pakuti maso sapitirira mamita ochepa, ndipo miyala yonse imafanana. Wosochera pamenepo nzeru imamuuza kuti angotsetsereka, poti kumunsi n'kumene kuli anthu. Koma zigwembe zambiri za Mulanje zimakathera pa maphedi amene amatsika ndi madzi okha.

Mdani wamkulu, komabe, ndi kuzizira, ndipo ife anthu a dziko lotentha sitikuopa monga kuyenera. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kuchokera pa Likhubula kufika pa Sapitwa pali mamita oposa 2,000, choncho amene ananyamuka atavala malaya okha amakapeza kumtunda kutazizira ndi madigiri 12 kapena kuposa, tisanawerengere mphepo ndi kunyowa. Usiku wa Juni kapena Julaye chisanu chimatha kugwa mpaka udzu kuyera. Thupi la munthu limagwira ntchito bwino pa madigiri 37. Likatsika kupitirira 35, madokotala amati munthuyo ali pa ngozi. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimayamwa kutentha kwa thupi m'malo mokusunga. Poyamba munthu amanjenjemera, zala zimakanika kumanga zingwe za nsapato. Kenaka amayamba kupunthwa, kulankhula ngati woledzera, kukwiya popanda chifukwa, kupempha kuti akhale pansi agone pang'ono. Kunjenjemera kukaleka iye asanafunde, ndiye kuti zafika poipa, ndipo ena pa nthawi imeneyi amamva ngati akutentha n'kuyamba kuvula.

Onani kuti kuzizira kumayamba kulanda nzeru kusanalande moyo. Amene amati tiyeni tipite, zikavuta tikaona komweko, akudalira kudzaganiza bwino pa nthawi imene mutu wake udzakhala utasiya kugwira. N'chifukwa chake chigamulo chobwerera chiyenera kumangidwa thupi likadali lofunda, pa khonde la Chisepo, kapu ya tiyi ili m'manja.

Izi sitikuzinena mongoopseza. Mu 1949, mkulu wa za nkhalango wachinyamata, Fred France, anakokoloka ndi madzi poyesa kuoloka mtsinje wodzaza ku chigwembe cha Ruo, mvula itawapeza m'phirimo. Anali pamodzi ndi Laurens van der Post, amene pambuyo pake analemba za imfayo m'buku lake la Venture to the Interior, ndipo kanyumba ka ku Chambe kamatchulidwa ndi dzina la France. Ameneyu sanali mlendo wosadziwa; phirili linali malo ake a ntchito. Mu 2003 mtsikana wina wochokera ku Netherlands analowera ku Sapitwa yekha, ndipo ofufuza anam'funafuna masiku ambiri osam'peza. Mu Julaye 2009, pakati penipeni pa nyengo ya chiperoni, Gabriel Buchmann wa ku Brazil, katswiri wa za chuma wa zaka 28, amene anali atayenda maiko ambiri a ku Asia ndi Africa pophunzira za umphawi, anasiyana ndi gaidi wake n'kupitiriza yekha chifukwa chofulumira. Thupi lake linapezeka kumayambiriro kwa Ogasiti, patapita pafupifupi masabata atatu, ndipo chinamupha ndi kuzizira. Mnzake Fellipe Barbosa anakonza kanema wa moyo wake amene anatuluka mu 2017. Mnyamatayu anali wophunzira kwambiri, wamphamvu, ndiponso, monga amam'kumbukira amene anakumana naye, wokonda anthu. Zonsezi sizinam'fundike usiku umenewo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza nkhaniyi pakati pa ife Akhristu, ndipo tiyenera kuchitchula poyera. Dzina loti Sapitwa ndi chiletso. Makolo a m'tsinde mwa phirili ankati kumeneko kumakhala mizimu, imene imabisa anthu, ndipo nthawi zina imasiyira oyenda chakudya chophikaphika chimene wochipeza ayenera kudya mwakachetechete osaitana mnzake. Nkhanizi zimakambidwa mpaka lero. Mkhristu saopa mizimu, ndipo ife sitikubwezera aliyense ku mantha amene Uthenga Wabwino unamumasulako. Koma apa ndi pamene pali msampha. Gulu limene lakwera ndi mtima wokaonetsa kuti mizimu ya Sapitwa ilibe mphamvu limasandutsa ulendo wa m'phiri kukhala nkhondo ya uzimu, ndipo likatero, kubwerera kumaoneka ngati kugonjera ziwanda. Nkhungu imatchedwa chiwembu cha mdani, gaidi amene akuti tisapite amayamba kuyang'anidwa ngati wa zamakolo, ndipo palibenso amene angalankhule zanzeru osaoneka ngati wobwerera m'mbuyo.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali zimene makolo anaona, ndipo pali mmene anazifotokozera. Kufotokoza kwawo tingakusiye. Koma anthu amene anasaka nyama, kufula uchi ndi kumweta udzu m'phirili mibadwomibadwo anaona kuti opita kumtunda uko nkhungu itagwa, ena sabwerako, ndipo anasunga chidziwitso chimenechi m'dzina limodzi lakuti ngakhale mwana alimve. Ubatizo umachotsa mantha a mizimu, koma suumitsa thanthwe. Ndipo tingonena modutsa kuti zoika malire pa phiri si za achikunja okha ayi: pa Eksodo 19 Mose anauzidwa kulembera anthu malire kuzungulira Sinai, ngakhale kuti kumeneko chifukwa chake chinali chiyero cha Mulungu.

Yesero limene Ambuye wathu anakumana nalo pamwamba pa Kachisi ku Yerusalemu, monga tiwerenga pa Mateyu 4, n'lomwelo limene limafika pa khonde la Chisepo. Mdierekezi sanamuuze kuti akane Mulungu. Anamuuza kuti adziponye pansi, natchula lonjezo la chitetezo cha angelo lochokera mu Salmo 91. Vesi linali loona, lonjezo linali loona, ndipo kudumpha kukanaoneka ngati chikhulupiriro chachikulu pamaso pa khamu. Yesu anakutcha kuyesa Mulungu. Munthu akadzipangira yekha ngozi yosafunika, kenaka n'kuuza Mulungu kuti tsopano sungani mawu anu, wasiya kukhala wantchito, wayamba kutuma Mbuye wake.

Nkhani ya pa Machitidwe 27 ndiyo imatifika pafupi kwambiri, popeza ndi ya nyengo yeniyeni. Ngalawa imene inanyamula Paulo kupita ku Roma inakocheza pa doko lina la chisumbu cha Krete nthawi yoyenda bwino panyanja itapita kale. Amene anati tidikire anali Paulo, mtumwi amene chikhulupiriro chake palibe angachikayike. Pa nthawiyo mngelo anali asanam'lankhule. Analankhula monga munthu wodziwa nyanja, amene pa 2 Akorinto 11 akutiuza kuti ngalawa zinali zitam'swekera kale katatu. Wina anganene kuti kenturiyo Yuliyo ndiye anamvera akatswiri, poti anatsata woyendetsa ngalawa ndi mwini wake. Inde, koma awiriwa anali ndi katundu wa tirigu woti afike, dokolo silinali lokoma kugonerapo nyengo yozizira, ndipo ochuluka anafuna kusunthira pena. Ndalama, kusafuna kuvutika ndi unyinji zinagwirizana. Kamphepo kakummwera katawomba pang'ono anati zathu zayera, nanyamuka. Ndani sanaone nkhungu ikung'ambika kwa mphindi khumi, dzuwa n'kusuzumira, gulu lonse n'kukuwa kuti Mulungu wayankha? Chotsatira chinali namondwe wa masabata awiri, osaona dzuwa kapena nyenyezi masiku ambiri. Anthu onse 276 anapulumuka pa chisumbu cha Melita mwa chifundo cha Mulungu, koma ngalawa ndi katundu zinatayika, ndipo Paulo sanabise pakati pa namondweyo kuti akanamumvera sakanaona zonsezo. Chifundo chinawapulumutsa, koma sichinasandutse chigamulo chawo kukhala chabwino. Tizikumbukira zimenezi pamene gulu latsika ku Sapitwa usiku, lonyowa, mmodzi atam'bereka kumsana, n'kudzaimirira m'tchalitchi Lamulungu kupereka umboni ngati lachita zaukatswiri.

Sitikuphunzitsa mantha. Chikhulupiriro chimalowa m'madzi pamene kuli munthu woti apulumutsidwe. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe, tinaona anthu wamba akukumba matope ndi makasu, mvula ikugwabe, kufunafuna anansi awo. Amenewo anaika moyo wawo pa ngozi chifukwa cha chikondi, ndipo timawavulira chipewa. Koma pa nsonga ya Sapitwa palibe wodwala akudikira mankhwala, palibe mwana wotsekeredwa. Pali chipilala cha oyeza malo ndi mwayi wojambulitsa chithunzi cha pa Facebook, chimene m'nkhungu sichionetsa n'komwe kuti muli kuti. Pemphero limene mukanapemphera pamenepo limamvekanso chimodzimodzi m'nyumba ya Chisepo.

Ndipo ngoziyo siigwera wokakamira yekha. Munthu akasowa m'phirimo, amene amanyamuka kukam'funa ndi magaidi ndi onyamula katundu a m'midzi yozungulira, pamodzi ndi a za nkhalango ndi apolisi, kuponda matanthwe omwewo m'nyengo yomweyo. Wothyoka mwendo pafupi ndi nsonga amatsitsidwa pa machira ndi anthu amene nawonso ali ndi ana kunyumba. Amene amati moyo ndi wanga, ndili m'manja mwa Mulungu, wabwereka miyoyo ya ena osawapempha.

Tinenepo za gaidiyu, chifukwa pano pali tchimo limene sitilitchula kawirikawiri. Gulu lochokera mumzinda limakhala ndi ophunzira a ku yunivesite, aphunzitsi, mwina ndi abusa. Gaidi nthawi zambiri ndi mnyamata wa kumudzi amene anayamba ndi kusenza zikwama za alendo. Chingerezi chake chingakhale chochepa kuposa chanu, nsapato zake zong'ambika. Koma iye ndiye wakwera njirayo kambirimbiri, ndipo amawerenga mtambo umene ukutuluka ku Mozambique monga inu muwerengera nyuzipepala. Ena mwa anyamatawa ndi omwe aja amathamanga mpikisano wa Porters' Race, kukwera ndi kutsika phirili m'maola osakwana atatu pa mtunda umene mlendo amagonera panjira. Munthu wotere akati lero ayi, sakunena chifukwa cha ulesi. Safunsa anadya phula, koma wofunsa n'kunyoza yankho chifukwa cha amene wayankhayo ndiye wapitirira apo.

Choipa kwambiri n'chakuti gaidi ndi wosavuta kum'gonjetsa. Ndalama ya tsikulo ndiyo ndiwo za kunyumba kwake. Mukamuopseza kuti simum'lipira mokwanira popeza simunafike pa nsonga, kapena mukamunyengerera ndi kena kapamwamba, akhoza kuvomera zimene mtima wake ukukana. Pamenepo mwagula chilolezo, simunalandire uphungu. Mpingo uliwonse wotumiza gulu uyenera kugwirizana naye asananyamuke kuti malipiro ake ndi omwewo, kaya afika pa Sapitwa kaya abwerera, ndiponso kuti pa nkhani ya nyengo mawu omaliza ndi ake, osati a wapampando wa achinyamata, osati a abusa. Zimenezi zinenedwe gulu lonse likumva, pa Likhubula pomwepo, polembetsa ku ofesi ya za nkhalango.

Makolo nanunso muli ndi gawo. Mwana akabwera kudzapempha ndalama ya ulendo, funsani kuti gaidi alipo kapena akudalira mnzawo amene anapitako kamodzi. Funsani ola limene agwirizana kuti adzabwerera ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Gulu limene silinafike pamwamba pofika masana liyenera kutembenuka. Onani m'chikwama ngati muli juzi, chipewa, jekete losalowa madzi, tochi, ndi zovala zina zouma zokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Foni isakupusitseni, pakuti m'zigwembe netiweki imasowa ndipo batire limatha msanga kukazizira. Mumuuze kuti akasiyana ndi anzake m'nkhungu asathamangire kumunsi: akhale pomwepo, abisale ku mphepo kunsi kwa mwala, avale zonse ali nazo, aziitana. Akakhala awiri kapena atatu, akumbatirane kuti afunditsane, osatumana mmodzimmodzi kukafuna njira.

Za kusala kudya tinene mosapita m'mbali. Kusala ndi kwabwino, kukwera phiri ndi kwabwino, koma kuphatikiza ziwirizi pa Sapitwa n'kuzimitsa moto wa m'thupi pa nthawi imene ukufunika kwambiri, popeza thupi limadzifunditsa ndi chakudya. Amene akufuna kusala asalire kumunsi. Ndipo abale amene amachezera kupemphera pa Soche, Ndirande, Michiru kapena Bunda asaganize kuti nkhaniyi ndi ya a ku Mulanje okha. Mapiriwa ndi aafupi, koma thanthwe lonyowa limaterera chimodzimodzi, ndipo m'dzinja pamwamba pa phiri ndi pamene mphezi imakonda kugwa.

Kudikira pa Chisepo n'kowawa, sitikana. Alonda amasonkha moto, utsi umalowa m'maso, achinyamata amene anasunga ndalama miyezi itatu amasuzumira pakhomo mphindi iliyonse, ndipo kunja kumangokhala mbuu. Tsiku lotsatira kukhoza kucha bwino, kapena ayi, ndipo gulu likhoza kutsika osaiona n'komwe nsongayo. Kawirikawiri chimene chimakankhira anthu m'nkhungu ndi chinthu chaching'ono: ufa watsala wa tsiku limodzi, minibasi inauzidwa kuti ibwere Loweruka masana, ndipo kwaya ikuyembekezeka kuimba Lamulungu m'mawa. Choncho komiti yokonza ulendo iike pa bajeti chakudya cha tsiku limodzi lapadera ndi malipiro a gaidi a tsikulo, igwirizane ndi woyendetsa minibasi kuti tsiku lobwerera likhoza kusintha, ndipo ipemphe kwaya ina kuti ikhale yokonzeka kuimba m'malo mwawo.